Mafunso a Owerenga: Zitsulo Zamaluwa za pa Makonde a Nyumba Zachikale

Mwezi uno makalata ambiri amene talandira ndi okhudza zokongoletsa zachitsulo zija zimene zimaikidwa m'munsi mwa denga la khonde, m'makona a mizati ndiponso pa chotchinga cha khonde la m'mwamba, zimene munthu akaziona patali amayesa nsalu ya lesi yopachikidwa. Tasankhapo ochepa, ndipo ena tawafupikitsa popanda kusintha funso lake.

Funso: A Mkonzi, ine ndi amuna anga tinagula nyumba yakale imene khonde lake lili ndi zitsulo zamaluwa kuchokera kukona ina kukafika kukona inzake. Amene anatigulitsa anati zinasulidwa pamanja, koma mmisiri amene tinamuitana kuti adzazione akuti zinachita kuthiridwa m'chikombole. Kodi pali kusiyana kwenikweni, kapena anthu awiriwa angosiyana katchulidwe? Mayi E. K.

Yankho: Mayi, kusiyana kulipo, ndipo muyenera kukudziwa musanalole munthu aliyense kukhudza zitsulozo ndi nyundo, moto kapena girayinda, chifukwa chisamaliro chonse chimene mudzazipatse chikudalira yankho la funso lanuli. Chitsulo chosula, chimene amalonda amachitcha wrought iron, chimakhala ndi kaboni wochepa kwambiri, kawirikawiri wosafika pa 0.1 peresenti, ndipo wosula amachifiiritsa pamoto n'kumachimenya, kuchipinda ndi kuchipotokola mpaka chitatenga maonekedwe amene iye akufuna. Mkati mwake muli timizere tonga ta m'thabwa, n'chifukwa chake chikalemedwa chimayamba chapindika chisanathyoke. Ntchito yosula imadziwika ndi ndodo zopyapyala zopindidwa mozungulira, zolumikizidwa ndi mphete kapena misomali yofwanyidwa mitu, ndipo mukayerekeza zigawo ziwiri zoyandikana mumapeza kuti sizifanana ndendende.

Chitsulo chothira m'chikombole, chotchedwa cast iron, chimapangidwa mwanjira ina kotheratu. Chimakhala ndi kaboni wapakati pa 2 ndi 4 peresenti, ndipo chimasungunuka m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 1,200. Mmisiri amayamba wasema chitsanzo, kawirikawiri cha thabwa, ndipo chitsanzocho amachidinda mumchenga wosakaniza ndi dongo ndi madzi pang'ono m'mabokosi awiri ovindikirana. Akachotsa chitsanzo, mumchengamo mumatsala mphako ya maonekedwe ake, ndipo ndi mmenemo mmene amathira chitsulo chosungunukacho. Chikazizira amaphwanya mchenga n'kutulutsa chigawo chathunthu, chokhala ndi masamba, maluwa ndi zipatso zotukuka ngati zosemedwa. Chitsanzo chimodzi chingathe kutulutsa zigawo mazanamazana zofanana. Chitsulo chimenechi chimapirira kwambiri katundu wochipanikiza kuchokera pamwamba, koma chikakokedwa, kupindidwa kapena kugwetsedwa chimangothyoka ngati phale, osayamba chachenjeza.

Kuti mudziwe chimene muli nacho, yang'anani ngati duwa limodzimodzi likubwerezedwa mosasintha pa khonde lonse, ngati m'mbali mwa chigawo muli kamzere kosonyeza pamene mabokosi awiri aja anakumana, ndiponso ngati kumbuyo kwake kuli kwafulati kapena kolowa mkati. Pamene pali pothyoka kale, chitsulo cha chikombole chimaoneka chotuwa ndi chamibulumibulu. Mwina mupezanso dzina la fakitale kapena nambala ya chitsanzo pansi pa mzati. Musaiwale kutenga maginito, pakuti nyumba zambiri zakale zili ndi zigawo za aluminiyamu zimene zinaikidwa pambuyo pake, ndipo pa zimenezo maginito samata.

Ine ndikukhulupirira kuti mmisiri wanu ndiye akunena zoona, chifukwa pafupifupi zamaluwa zonse za pa makonde a m'zaka za m'ma 1800 zinali zothira. Mbiri yake imayambira ku Coalbrookdale ku England, kumene Abraham Darby mu 1709 anayamba kusungunula chitsulo ndi malasha owotcha otchedwa coke m'malo mwa makala a mitengo, ndipo mlatho wachitsulo wa pa mtsinje wa Severn, umene unaimikidwa mu 1779, unaonetsa anthu zimene chitsulo chothira chingachite. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800, mafakitale monga Saracen Foundry ya Walter Macfarlane ku Glasgow ankasindikiza mabuku a zitsanzo, moti womanga nyumba wa kudziko lakutali ankangotchula nambala n'kudikira katundu padoko. Ku New Orleans ku United States, nyumba za Pontalba pa Jackson Square, zimene zinamalizidwa cha m'ma 1851, zinathandiza kufalitsa makonde achitsulo mumzindawo. Ku Australia golide anapezeka m'chigawo cha Victoria mu 1851, ndipo chuma chimene chinatsatira chinadzaza madera a Carlton, Fitzroy ndi Parkville ku Melbourne ndi nyumba zogundizana zokhala ndi zamaluwa zimenezi, makamaka m'ma 1880. Ku South Africa, kumene mungazione bwino mumsewu wa Long Street ku Cape Town, anthu anazipatsa dzina lanthabwala lakuti broekie lace, poziyerekeza ndi lesi wa m'mphepete mwa chovala chamkati cha amayi.

Funso: Ndine wowotcherera ndipo ndagwira ntchitoyi kwa zaka 12. Ndinapatsidwa chigawo cha pakona ya mzati chimene chinathyoka pakati, ndipo ndinachiwotcherera ndi marodi amene ndimagwiritsa ntchito masiku onse. Chikuzizira ndinamva kulira, ndipo nditayang'ana ndinapeza mng'alu watsopano pambali penipeni pa pamene ndinawotcherera. Ndinalakwitsa pati? Bambo J. M.

Yankho: Bambo, vuto silinali dzanja lanu, koma kuti munachitenga chitsulocho ngati chija cha mageti ndi mawindo chimene munachizolowera. Kaboni wambiri wa m'chitsulo cha chikombole amakhala ngati timapepala ting'onoting'ono ta graphite, chinthu chakuda chija cha mkati mwa pensulo, ndipo timapepala timeneti ndi timene timachititsa kuti chitsulocho chisathe kutamuka. Mukawotcha malo amodzi, malowo amafufuma pamene mbali zina zidakali zozizira, ndipo pozizira amafota n'kumakoka mbali zonse. Pa nthawi yomweyo kamzere koyandikana ndi powotchererapo kamazizira msanga n'kukhala kolimba ngati galasi, choncho kukokako kukafika pamenepo kamang'aluka. Kulira kumene munamva kunali kumeneko.

Ngati n'kofunikadi kuwotcherera, yambani mwachotsa chigawocho pa nyumba, popeza moto pansi pa matabwa ouma a denga lakale ndi ngozi yosafunika kuiputa. Chotsani penti ndi dzimbiri lonse, boolani kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'alu uliwonse kuti usapitirire, ndipo pothyokapo mupasongole kuti pakhale kangalande. Tenthetsani chigawo chonse pang'onopang'ono ndi mofanana, gwiritsani ntchito marodi a nickel, amene chitsulo chake ndi chofewa ndipo chimalola kukokedwa, ndipo muziwotcherera pang'onopang'ono, mamilimita pafupifupi 25 pa nthawi imodzi, n'kumagogoda ndi kanyundo pakadali potentha. Mukamaliza chikwirireni mumchenga wouma kuti chizizire kwa maola angapo. Amisiri ena amakonda kulumikiza ndi mkuwa wosungunula, chifukwa njira imeneyi sisungunula chitsulo chenichenicho.

Komabe pa zokongoletsa zopyapyala ine ndimakonda njira zosafuna moto. Kachitsulo kafulati komangidwa kumbuyo ndi timabawuti sikaoneka kwa munthu wodutsa mumsewu, ndipo tsamba laling'ono limene silinyamula kanthu lingamatidwe ndi guluu wa epoxy, mkati muli kamsomali. Pa zitsulo zochindikala pali njira yochita ngati kusoka, imene amaboola timabowo modutsa mng'alu n'kukhomeramo timakiyi tachitsulo. Ngati chigawo chasweka kwambiri, tengani chinzake chabwinobwino mupite nacho ku fakitale yothira zitsulo kuti chikakhale chitsanzo, koma dziwani kuti chitsulo chimafota pafupifupi 1 peresenti pozizira, kutanthauza mamilimita 10 pa mita iliyonse, choncho auzeni awonjezere kumapeto kwa chitsanzocho kuti chatsopanocho chidzakwane pamalo ake. Mzati wonyamula denga umene wang'aluka ndi nkhani ina, ndipo umenewo ayambe wauona injiniya musanauike dzanja.

Funso: Tinapenta zitsulo za pa khonde lathu chaka chatha chomwechi, koma dzimbiri layamba kale kutulukira pansi pa penti, ndipo mizere yofiirira ikutsika pa mizati. Kodi tinagula penti woipa? Mayi T. B.

Yankho: Mayi, penti angakhale wabwino ndithu, koma akapakidwa pamwamba pa dzimbiri amangolifunditsa, ndipo ilo limapitiriza kudya kunsi. Musanagule chitini china, imani pa khondepo mvula ikugwa n'kuona kumene madzi akuchokera, pakuti kawirikawiri gwero la vuto ndi ngalande ya denga yodontha, malata oboka, kapena molumikizira mmene madzi amakhazikika. Mizati yachitsulo imakhala ndi mphako mkati, ndipo madzi akalowa kumwamba n'kusowa potulukira pansi, imadyeka kuchokera mkati. Yang'ananinso mabawuti, chifukwa nthawi zambiri iwo ndi amene amachita dzimbiri msanga kuposa zamaluwazo, ndipo popeza dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, bawuti wotupa amatha kuthyola khutu la chigawo chimene wachigwira.

Pali chenjezo limene sindingalidumphe. Zitsulo zakale zinkayamba kupakidwa penti wofiira wa mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo, makamaka wa ana aang'ono ndi osabadwa. Ku Australia boma limachenjeza za nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1970, ndipo ku United States penti wa mtovu wa m'nyumba analetsedwa mu 1978. Choncho muyezetse kaye penti wakaleyo, ndipo akapezeka ndi mtovu musamupale wouma ndi girayinda kapena kumuwotcha ndi moto. Palani monyowetsa kapena ndi mankhwala ofewetsa penti, yalani pulasitiki pansi, valani chotchinga pakamwa ndi pamphuno choyenera fumbi lotere, ndipo ana ndi amayi oyembekezera asayandikire mpaka malowo atatsukidwa.

Pamene dzimbiri lili lochepa, bulashi ya waya ndi sandipepa zimakwanira. Pamene penti waunjikana kwa zaka zambiri mpaka mitsempha ya masamba sikuonekanso, ndi bwino kumasula zigawozo, kulemba nambala pa chilichonse kuti chidzabwerere pamalo ake, n'kupita nazo kwa odziwa kupala ndi mchenga wowomba, amene ayenera kugwiritsa ntchito mphamvu yochepa. Chitsulo chopalidwa chimayamba dzimbiri m'maola ochepa, choncho penti woyambira, wokhala ndi zinki, apakidwe tsiku lomwelo ndi bulashi kuti alowe m'timaenje tonse, kenako penti wapamwamba kawiri. Pakani ndi kumbuyo komwe ndi m'mphepete mwa pamwamba, malo amene opaka ambiri amawasiya poganiza kuti palibe adzaone. Za mtundu, ambiri amaganiza kuti zitsulozi zinali zoyera kuyambira kale, koma m'zaka za m'ma 1800 zinkapakidwa kawirikawiri mitundu yoderapo monga wobiriwira wakuda ndi wofiirira, ndipo zoyera zinafala pamene anthu anayambanso kukonda nyumbazi m'ma 1960 ndi m'ma 1970. Mukapala pang'onopang'ono pamalo obisika mudzaona mitundu yonse imene khonde lanu lavalapo.

Funso: Ndikumanga nyumba yatsopano koma ya kamangidwe kachikale, ndipo ndikufuna zamaluwa pa khonde. Ogulitsa ena ali ndi za aluminiyamu, ena za chitsulo chothira, ndipo ena amadula maluwawo pa chitsulo chafulati ndi makina a laser. Ndisankhe ziti, ndipo ndidziwa bwanji kuti zidzagwirizana ndi nyumbayo? Bambo L. C.

Yankho: Bambo, pa nyumba yatsopano aluminiyamu wothira m'chikombole ndi chisankho chanzeru, ndipo simuyenera kuchita naye manyazi. Kulemera kwake ndi magalamu 2.7 pa sentimita ya mbali zonse, pamene chitsulo chothira ndi pafupifupi 7.2, choncho chigawo chimodzimodzi chimapepuka kuposa theka, sichilemetsa matabwa, ndipo munthu mmodzi angathe kuchikweza pa makwerero. Amasungunuka pa madigiri 660 okha, ndipo kawirikawiri amabwera atapakidwa kale penti wa ufa wophikidwa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200. Sachita dzimbiri lofiira, koma musamve ngati sawonongeka, chifukwa pafupi ndi nyanja yamchere amatuluka ufa woyera pansi pa penti, ndipo akakhudzana ndi mkuwa kapena chitsulo pamalo achinyezi, iye ndi amene amadyeka. Pa chifukwa chimenechi pakati pa aluminiyamu ndi bawuti pazikhala washala wapulasitiki, ndipo paliponse pamene mwadula kapena kuboola mupakepo penti.

Za zodula ndi laser ndinena maganizo anga mosabisa. Kukongola kwa zamaluwa zakale kumachokera ku kutukuka kwake, pakuti tsamba lililonse lili ndi msana ndi zigwa zimene zimagwira kuwala mosiyana m'mawa ndi madzulo. Chodula pa chitsulo chafulati chimakhala ndi mzere wa duwa koma chilibe thupi lake, ndipo pa nyumba yachikale chimaoneka ngati pepala lodulidwa ndi sizasi. Pa nyumba yamakono chingakongole, koma inu mukumanga zina. Ngakhale pa zothira zomwe, gwirani chigawo m'manja musanagule, chifukwa ena amatenga chitsanzo pa chotengera cha chotengera china, ndipo pofika pamenepo duwa limakhala litasanduka chibuluma. Funsaninso ngati maluwawo ali mbali imodzi kapena zonse ziwiri, popeza inu mukakhala pa khonde mudzaziona kumbuyo tsiku lililonse.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi muyezo. Zamaluwa za pa khonde zimakhala ndi mzere wopingasa m'munsi mwa denga, zigawo za m'makona pamene mzati wakumana ndi mtanda, nthawi zina timano tolendewera kunsi kwa mzerewo, ndiponso zigawo za chotchinga ngati khonde lili m'mwamba, ndipo zonsezi ziyenera kukhala za banja limodzi la maluwa. Sankhani chitsanzo musanaimike mizati, kuti mpata wa pakati pa mizati ulandire zigawo zathunthu, ndipo poika yambirani pakati n'kumapita kumbali, kuti ngati pali podula padulidwe mofanana uku ndi uku. Duwa lodulidwa pakati pafupi ndi mzati limaulula msanga kuti zamaluwazo anangozikumbukira nyumba itatha. Khonde la denga lotsika limafuna mzere wopyapyala, apo ayi limatseka kuwala ndipo munthu wamtali amayenda chowerama. Muonenso kuti kamangidwe kachikale sikamodzi, chifukwa ku Sydney, monga ku Paddington, mizati yambiri ndi yafulati ndi yobookabooka, pamene ku Melbourne yambiri ndi yobulungira.

Ndiwonjezerepo mawu kwa owerenga amene nyumba zawo ndi zakaledi koma zamaluwa zake zinachotsedwa. Musathamangire kuika zimene zakusangalatsani m'buku la ogulitsa. Funani zithunzi zakale, yang'anani mabowo a mabawuti ndi zipsera za penti pa mtanda wa khonde, ndipo ngati nyumbayo ili mumzere wa nyumba zogundizana, ya mnansi wanu ingakuuzeni chimene chinalipo. Nyumba zina sizinakhalepo ndi chitsulo n'komwe, popeza ku Australia chuma chitagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndiponso m'nyengo ya Federation cha m'ma 1901, pamene zigawo za dzikolo zinagwirizana kukhala dziko limodzi, omanga ambiri anatembenukira ku zokongoletsa za matabwa. Chikalata cha Burra Charter, chimene bungwe loteteza malo ndi nyumba zakale la Australia ICOMOS linavomereza mu 1979, chimalangiza kusintha zokhazo zimene n'zofunika ndi kuzichepetsa mmene zingathekere. Ngati nyumbayo ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, pitani ku khonsolo mukapemphe chilolezo musanamasule bawuti ngakhale mmodzi.

Funso: Ndinamva kuti zamaluwa za ku Melbourne ndi ku Sydney zinabwera kuchokera ku Britain ngati katundu wongolemetsa sitima zapamadzi kuti zisagwedezeke. Kodi n'zoona? Bambo P. N.

Yankho: Nkhani imeneyi imakambidwa kwambiri, bambo, koma ndi yovuta kuikhulupirira, chifukwa chinthu chothyoka ngati phale palibe amene angachiponye pansi pa sitima kuti chizigubuduka kwa miyezi. N'zoona kuti zoyambirira zina zinagulidwa ku Britain, ndiponso kuti sitima zinkanyamula zidutswa za chitsulo chosakonza monga cholemetsa, zimene mafakitale a komweko ankazisungunula. Zamaluwa zambiri za m'ma 1870 ndi m'ma 1880 zinathiridwa ku Australia konko, ndipo umboni wake ndi zomera ndi mbalame za dzikolo zimene zimaoneka pa zitsanzo zina. South Africa ndi imene inkaitanitsa zambiri zopangiratu kuchokera ku Glasgow.

Funso: Chotchinga cha khonde lathu la m'mwamba ndi chokongola koma chachifupi, ndipo tili ndi adzukulu awiri amene amakonda kusewera pamenepo. Kodi tichichotse n'kuika chamakono? Gogo R. S.

Yankho: Agogo, nkhawa yanu ndi yomveka, pakuti zotchinga zambiri zakale sizifika pa miyezo ya masiku ano. Ku Australia malamulo a zomangamanga amafuna kuti pamene munthu angagwe kuposa mita imodzi, chotchinga chatsopano chikhale chosachepera mita imodzi kutalika, ndiponso kuti mpira wa mamilimita 125 usathe kudutsa pa mpata uliwonse, pamene ku Britain mpirawo ndi wa mamilimita 100. Fufuzani malamulo a kumene nyumba yanu ili, koma kawirikawiri sipafunika kuchotsa chakalecho. Amisiri amatha kuwonjezera chogwirira chopyapyala chachitsulo pamwamba kapena kumbuyo kwake, chomangidwa ku mizati, n'kuika galasi lolimba kapena sefa wa waya kumbali ya mkati, kuti mwana asapeze popondera kapena polowetsa mutu. Maluwa opingasa amakhala ngati makwerero kwa mwana wa zaka zitatu, ndipo mipando ndi miphika ya maluwa yoikidwa pafupi ndi chotchinga imachitanso chimodzimodzi.

Kumbukiraninso kuti zigawo zachitsulozo sizinapangidwe kuti zinyamule munthu wotsamira pazokha, chifukwa mphamvu ya chotchinga ili mu thabwa logwirira la pamwamba ndi mu thabwa la pansi limene zamangidwapo. Tengani sikuludiraiva mubaye matabwa amenewo pafupi ndi mabawuti ndiponso pamene alowa m'khoma, ndipo ikalowa mosavuta, khomo lopita pa khondelo likhale lokiya mpaka kalipentala atasintha thabwalo.